Kodi zoo ili ndi ufulu wobereketsa kadyamsonga amene ilibe pomusunga?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya sekondale. Ophunzira anga anapeza pa intaneti kanema wa kadyamsonga wotchedwa Marius, amene anaphedwa ku zoo ya mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, nyama yake n'kuponyeredwa mikango anthu akuonerera. M'kalasi munabuka mtsutso umene sindinathe kuuweruza, pakuti ena amati imeneyi ndi nkhanza basi, pamene ena amati akatswiri amadziwa zimene akuchita pofuna kuteteza mtundu wa nyamayi. Kodi n'koyenera kusunga akadyamsonga m'malo otsekedwa n'kumawabereketsa, ndipo kodi zimenezi zimathandizadi kuti asathe padziko?

Yankho: Aphunzitsi, magulu onse awiri a ophunzira anu maso awo ali pa tsiku limene kadyamsongayo anaphedwa, pamene mlandu weniweni unayambika kale, pa nthawi imene oyang'anira zoo analola makolo ake kukwerana akudziwa kuti mwana wobadwayo, makamaka akadzakhala wamphongo, akhoza kudzasowa kopita. Kadyamsonga amakhala ndi bere miyezi pafupifupi 15, ndipo mwana wake amatha zaka zingapo asanakhwime, choncho mpata woganizira za tsogolo lake unalipo wokwanira. Ine ndimaona kuti kusamalira akadyamsonga amene ali kale m'mazoo ndi udindo umene palibe angauthawe, koma kuwabereketsa ndi nkhani ina imene imafuna zifukwa zomveka, ndipo zifukwa zimene zimaperekedwa kawirikawiri zimafooka munthu akazifufuza bwino.

Marius anabadwa mu February 2012 ndipo anaphedwa Lamlungu pa 9 February 2014 ali ndi zaka ziwiri, ali wathanzi ndithu. Dokotala wa zinyama pa zoo imeneyo anamunyengerera ndi buledi n'kumuwombera pamutu, ndipo sanamubaye jakisoni wakupha chifukwa mankhwalawo akanawononga nyama imene ankafuna kupatsa mikango. Mtembo wake unang'ambidwa poyera, akatswiri akufotokozera alendo, ena mwa iwo ana, za mtima, khosi ndi miyendo ya nyamayi. Zimenezi zisanachitike, anthu oposa 20,000 anali atasaina chikalata pa intaneti chopempha kuti aleke, ndipo Yorkshire Wildlife Park ya ku England inali itanena kuti ikhoza kumulandira. Bengt Holst, yemwe anali mkulu woona za sayansi pa zooyo, anakana, ndipo ngakhale iye ndi anzake ena analandira mauthenga owaopseza kuti aphedwa, sanasinthe maganizo kapena kupepesa.

Chifukwa chimene anapereka chiyenera kumvedwa bwino tisanachitsutse. Mazoo akuluakulu a ku Ulaya ali m'bungwe lotchedwa EAZA, ndipo nyama za mtundu umodzi zimene zili m'mazoo onsewo zimayendetsedwa ngati gulu limodzi. Pali munthu amene amasunga kaundula wa mbadwo wa kadyamsonga aliyense, ndipo ndiye amalangiza kuti uyu akwerane ndi uyu, uyu asamukire kwakuti. Cholinga chake n'kupewa kukwerana pachibale, kumene m'gulu laling'ono kumabweretsa ana ofooka, osabereka kapena opunduka, ndipo mapulogalamu ambiri otere amafuna kusunga magawo 90 pa 100 a kusiyana kwa chibadwa kwa zaka 100. Abale a Marius anali ochuluka kale m'gululo, motero iye akanabereka akanangowonjezera magazi omwewo. Ku Yorkshire kunali kale mkulu wake, ndipo Holst ananena kuti malo amenewo ndi ofunika kupatsidwa kadyamsonga wina amene magazi ake ndi osowa. Kumugulitsa kwa munthu wamba kapena ku malo amene si a bungwelo sikunaloledwe, poopa kuti akhoza kukathera kwa anthu ochita masewera a zinyama kapena m'khola loipa. Kumusiya pomwe anabadwira kunalinso kovuta, chifukwa wamphongo akamakula amayamba kulimbana ndi atate ake, ndipo akadyamsonga pomenyana amakwapulana ndi makosi ndi mitu mwamphamvu yoti m'malo opanikizika mmodzi akhoza kuvulala kwambiri.

Ophunzira ambiri amafunsa kuti bwanji sanangomufula kapena kupatsa makolo ake mankhwala olera. Kufula kadyamsonga kumafuna kumugoneka ndi mankhwala, ndipo pa nyama zonse zazikulu iyeyu ndi mmodzi mwa oopsa kwambiri kugoneka. Wamphongo wamkulu amatalika kupitirira mamita asanu ndipo amalemera kuposa tani imodzi, motero akamagwa akhoza kuthyoka khosi kapena mwendo, ndipo akagona pansi chakudya cha m'chifu chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Magazi ake amathamanga mwamphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi a munthu kuti akafike kumutu, ndipo dongosolo limeneli limasokonezeka msanga nyamayo ikagona motambalala. Koma kuopsa kumeneku sikungakhale chifukwa chokwanira, pakuti palibe nzeru yopha nyama poopa kuti ingafe pa opaleshoni. Mankhwala olera alipo, ena obaya ndi ena oika pansi pa khungu, ndipo mazoo ambiri a ku America amadalira njira imeneyi. A ku Copenhagen sanaikane chifukwa choti siigwira ntchito, koma chifukwa amakhulupirira kuti kukwerana, kubereka ndi kulera ana ndi mbali yaikulu ya moyo wa nyama, ndipo nyama yotsekeredwa imene yalandidwa kale ufulu woyenda ndi wosankha chakudya siyenera kulandidwanso zimenezi. Kwa iwo n'kwabwino kuti mwana abadwe, akhale bwino zaka ziwiri kenako afe mwadzidzidzi osamva ululu, kusiyana ndi kuti make akhale moyo wake wonse wosabereka. Amanenanso zoona kuti kutchire, m'madera amene muli mikango ndi afisi ambiri, theka kapena kuposa la ana a akadyamsonga amafa asanathe chaka.

Munthu amene anakulira pafupi ndi khola la mbuzi kapena la ng'ombe sangadabwe ndi maganizo amenewa. Mlimi amasunga tonde mmodzi kapena awiri, ena amawafula, ena amawapha, ndipo ana a pakhomo amaonerera mbuzi ikusendedwa popanda wina kunena kuti awonongeka maganizo. Pa chifukwa chimenechi sindigwirizana ndi amene amati kulakwa kwa Copenhagen kunali kuonetsa ana mtembo kapena kudyetsa mikango, pakuti makolo anabwera ndi ana awo mwa kufuna kwawo, ndipo mikangoyo ikanadya ng'ombe kapena kavalo tsiku limenelo, nyama zimene nazonso zimamva ululu ndi mantha. Kusiyana kuli pakuti mlimi sanena kuti khola lake likupulumutsa mtundu wa mbuzi. Iye amaweta kuti adye ndi kugulitsa, ndipo amavomera zimenezo. Zoo imapempha anthu kuti aikhululukire potsekera nyama yakutchire ndi popha ana ake ponena kuti ikugwira ntchito yoteteza chilengedwe, choncho tili ndi ufulu wofunsa ngati ntchito imeneyo ilipodi pa nkhani ya akadyamsonga.

Kuti akadyamsonga ali pa mavuto, zimenezo n'zoona. Mu December 2016 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pa chiopsezo, linalengeza kuti chiwerengero chawo chinatsika ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 m'zaka 30, kuchoka pa oposa 150,000 mu 1985 kufika pa ochepera 100,000 mu 2015. Mu 2019 mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire pakati pa mayiko, anagwirizana zoyamba kulondoloza malonda a zikopa, mafupa ndi ziwalo zina za nyamayi. Kuwerenga kwa zaka zaposachedwapa kwapeza ochulukirapo, mwa zina chifukwa njira zowerengera zapita patsogolo. Koma taonani chimene chikuwachepetsa: nkhalango zasanduka minda ndi midzi, mitengo imene amadya ikuthera ku makala, misampha ya waya yotchera nyama zina imawadula miyendo, ndipo kumene kwakhala nkhondo, monga ku South Sudan ndi kumpoto kwa Democratic Republic of Congo, anthu a mfuti amawapha kuti apeze nyama yambiri ndi chipolopolo chimodzi. Pa zonsezi palibe chimene chimathetsedwa ndi kubadwa kwa mwana wa kadyamsonga ku Denmark. Akadyamsonga a mu Africa sakulephera kubereka ayi, akusowa malo otetezeka oti ana awo akuliremo.

Umboni womveka kwambiri uli ku Niger. Akadyamsonga a kumadzulo kwa Africa anatsala 49 okha mu 1996, onse m'dera la Kouré pafupi ndi Niamey, kumene amakhala pakati pa minda ya anthu. Boma linaletsa kuwapha, anthu a m'midzi anayamba kupindula ndi alendo odzawaona ndi chithandizo china, ndipo patapita zaka makumi awiri anaposa 600, moti mu 2018 asanu ndi atatu anasamutsidwira ku Gadabedji kukayambitsa gulu lachiwiri. Zonsezi zinatheka popanda zoo iliyonse yosunga mtundu umenewu, pakuti amene ankaganiziridwa kuti ndi a kumadzulo kwa Africa m'mazoo a ku France anadzapezeka kuti ndi a mtundu wa Kordofan. Ku Uganda gulu la ku Murchison Falls linachuluka mpaka kuposa 1,000 atakhwimitsa chitetezo, ndipo kuchokera m'gulu limenelo ena anatengedwa kupita ku Lake Mburo mu 2015. Akadyamsonga a m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, amene alipo mazana ochepa chabe ndipo sapezeka kwina kulikonse padziko, moyo wawo ukudalira chigwacho ndi anthu ochiteteza. Ngakhale kuno ku Malawi, pamene African Parks ndi Giraffe Conservation Foundation anabweretsa akadyamsonga 13 ku Majete mu 2018, sanakawatenge ku Ulaya, ndipo ambiri mwa iwo anayenda pa galimoto makilomita pafupifupi 2,500 kuchokera ku South Africa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kadyamsonga wobadwira kutchire amadziwa mitengo yodyedwa, amadziwa mkango, thupi lake linazolowera nkhupakupa ndi matenda a kuno, ndipo kumunyamula pamsewu n'kotsika mtengo kusiyana ndi kunyamula nyama ya khosi lotere pa ndege kapena pa sitima ya pamadzi.

Sindikunena kuti mazoo sanapulumutsepo nyama. Mphalapala ya m'chipululu yotchedwa Arabian oryx inatheratu kutchire mu 1972, koma kagulu kakang'ono kamene kanasonkhanitsidwa ku Phoenix Zoo ku America kanaswana, ndipo mu 1982 zina zinamasulidwa ku Oman. Pamenepo kubereketsa kunali ndi kolowera, chifukwa kutchire kunalibenso yotsala yoti n'kukatenga. Nkhani ya akadyamsonga sinafike pamenepo, ndipo ntchito zowabwezeretsa m'nkhalango zakhala zikudalira akutchire anzawo. Otsatira mazoo amayankha kuti gulu lawo lili ngati nkhokwe yodikira tsiku la tsoka. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu pa mitundu iwiri kapena itatu yokha, monga wa Kordofan ndi wa Nubia, amene IUCN inawaika mu 2018 pa gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, makamaka poona kuti ambiri a Kordofan ali m'nkhalango imodzi ya Zakouma ku Chad. Koma nkhokwe imeneyo iyenera kukhala ndi ndondomeko yolembedwa yonena kuti nyamazo zidzapita kuti, zidzatengedwa bwanji ndipo adzalipira ndani, apo ayi ndi dzina lokoma chabe loikidwa pa chinthu chimene chikuchitika pa zifukwa zina.

Palinso vuto limene sayansi yaulula posachedwapa. Kwa nthawi yaitali akadyamsonga onse ankatengedwa ngati mtundu umodzi wokhala ndi timagulu tosiyana mawanga. Mu 2016 kafukufuku wa DNA wa Julian Fennessy, Axel Janke ndi anzawo anasonyeza kuti pali mitundu inayi yosiyana, wakumpoto (mmene muli timagulu ta Kordofan, Nubia ndi kumadzulo kwa Africa), wa mawanga onga ukonde wa ku Kenya ndi Ethiopia, wa Masai ndi wakumwera, ndipo mu 2025 IUCN inavomereza kugawa kumeneku. Mazoo anali atawasakaniza kale kwa zaka zambiri. Ku North America ambiri mwa amene si a Masai ndi osakanikirana magazi, ndipo amasungidwa ngati akadyamsonga wamba basi. Nyama yotere ikhoza kukhala yathanzi ndi yokongola, ndipo iyenera kusamalidwa mofanana ndi ina iliyonse, koma palibe nkhalango ya mu Africa imene ingailandire popanda kusokoneza mtundu wa m'deralo. Mwana aliyense wobadwa m'gulu limeneli sangatchedwe chipatso cha ntchito yoteteza chilengedwe, ngakhale chikwangwani cha pa mpanda chitanena motero.

Tsopano tione moyo wa kadyamsonga mkati mwa mpanda, pakuti ngati phindu la mtundu wonse lili lochepa, chotsala n'kufunsa ngati nyama iliyonse payokha ikukhala bwino. Kutchire kadyamsonga amatha mbali yaikulu ya tsiku akuyenda kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina, akuthyola masamba ndi nsonga za mitengo ya minga monga mthethe ndi lilime lotalika pafupifupi masentimita 45, ndipo wamkulu amadya makilogalamu 30 kapena kuposa pa tsiku. Nthawi yotsalayo amabzikula. Thupi lake lonse, kuyambira milomo, malovu mpaka chifu, linapangidwira chakudya chimene chimalowa pang'onopang'ono ndiponso movutikira. Ku Ulaya ndi kumpoto kwa America mitengo imayoyola masamba miyezi ingapo pa chaka, choncho osamalira amadalira nyemba ya ziweto youmitsa ndi chakudya cha m'matumba, zimene nyamayo imamaliza m'kanthawi kochepa. Lilime limatsala lopanda ntchito, ndipo zotsatira zake ndi kunyambita zipupa, zitsulo ndi zitseko mobwerezabwereza, kapena kupinda lilime m'malere kwa nthawi yaitali. Kafukufuku wa Meredith Bashaw ndi anzake wa mu 2001 anapeza kuti pafupifupi 80 pa 100 alionse a akadyamsonga ndi abale awo otchedwa okapi m'mazoo amene anafunsidwa anali ndi khalidwe lina lobwerezabwereza lotere. Alendo ambiri amaseka akaona lilime likuvinavina, osadziwa kuti akuona chizindikiro cha nyama imene ikusowa chochita.

Chakudya cholakwika chimawononganso chifu, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankadabwa ndi akadyamsonga ooneka athanzi amene ankangofa mwadzidzidzi, makamaka nyengo yozizira, n'kupezeka powang'amba kuti mafuta onse a m'thupi anatha. Kadyamsonga sasunga mafuta ambiri ndipo sapirira chisanu, motero m'mayiko ozizira amatsekeredwa m'nyumba yofunditsidwa kwa masiku ambiri, ataima pa simenti, ndipo ziboda zake zimakula mopotoka mpaka mfundo za miyendo kuyamba kupweteka. Nyama imene kutchire imayendayenda m'dera la masikweya kilomita makumi kapena mazana imakhala m'bwalo limene munthu angalizungulire m'mphindi zochepa. Kutchire akazi amasankha anzawo oyenda nawo ndipo magulu amasonkhana n'kumwazikana mwa kufuna kwawo, pamene mu zoo anzake amasankhidwa ndi kaundula.

Chilungamo chimafuna kuti ndinenenso kuti zinthu zasintha m'malo amene ali ndi ndalama ndi chidwi. Mazoo abwino tsopano amadula nthambi za mitengo tsiku lililonse, ena amasunga masamba mufiriji kapena m'migolo kuti adzagwire ntchito m'nyengo yozizira, amapachika chakudya m'zotengera za mabowo aang'ono kuti lilime ligwire ntchito, ndipo amathira mchenga kapena zofewa pansi. Cheyenne Mountain Zoo ya ku Colorado inatchuka pophunzitsa akadyamsonga kuika okha phazi pa chipika kuti adulidwe ziboda ndi kulola kutengedwa magazi popanda kugonekedwa. Kadyamsonga wosamalidwa chonchi sadziwa njala ya chilala, msampha kapena mkango, ndipo akhoza kupitirira zaka 20. Sindinganene kuti moyo wotere ndi wozunzika. Ndinganene kuti ndi moyo wochepetsedwa, umene ukhoza kukhala wabwino ndithu ngati anthu alimbikira, ndipo ukhoza kukhala woipa kwambiri m'malo ang'onoang'ono amene amasunga mmodzi kapena awiri kuti akope alendo.

Mawu akuti kukopa alendo ndi amene mazoo sakonda kuwatchula pa nkhaniyi. Akadyamsonga savuta kuswana m'ukapolo. London Zoo inamanga nyumba yawo mu 1837 ndipo mwana woyamba anabadwa kumeneko mu 1839, choncho kubadwa kwa mwana lero si chozizwitsa cha sayansi. Chimene sichinasinthe n'chakuti mwana wa kadyamsonga, amene amagwa kuchokera m'mwamba make ataimirira n'kudzuka yekha pasanathe ola limodzi ali wamtali ngati munthu wamkulu, amadzaza anthu pa chipata. Mu 2017 kadyamsonga wamkazi wotchedwa April wa ku Animal Adventure Park m'chigawo cha New York anaonetsedwa pa YouTube usana ndi usiku ali ndi bere, ndipo pa 15 April anthu oposa 1 miliyoni anaonerera nthawi imodzi akubereka. Malo amene ankadziwika ndi ochepa anatchuka dziko lonse. Palibe cholakwa kuti zoo ipeze ndalama, pakuti nyama zimadya ndipo antchito amalipidwa, koma pamene mwana ali ndi phindu lalikulu m'chaka chake choyamba n'kukhala mtolo m'chaka chachitatu, tiyenera kukayikira aliyense wonena kuti kubereketsako kukuchitika chifukwa cha ubwino wa make wokha. Theka la ana obadwa ndi amphongo, pamene gulu loswana limafuna wamphongo mmodzi pa akazi angapo, choncho kuchuluka kwa amphongo osowa malo si ngozi yodzidzimutsa koma masamu odziwikiratu.

Pa mfundo imodzi ndimawalemekeza a ku Copenhagen, ndiyo yakuti sanabise. Lesley Dickie, yemwe ankatsogolera EAZA pa nthawiyo, anauza BBC kuti nyama zapakati pa 3,000 ndi 5,000 zimaphedwa chaka chilichonse m'mazoo a bungwelo chifukwa chosowa malo, kuwerengera zazing'ono ndi zazikulu zomwe. Ambiri amachita zimenezi kuseri. Ena amene amanyadira kuti sapha amagulitsa nyama zotsala kwa amalonda, ndipo kumene zikathere safunsako. Patangotha milungu ingapo Marius ataphedwa, zoo yomweyo inapha mikango inayi, iwiri yokalamba ndi ana awiri, pokonzekera kulandira wamphongo watsopano. Malamulo nawo sagwirizana pa nkhaniyi. Ku Germany lamulo limafuna chifukwa chomveka munthu asanaphe nyama, ndipo mu 2010 khoti linapeza olakwa mkulu wa zoo ya ku Magdeburg ndi antchito ake atatu chifukwa chopha ana atatu a tiger amene anapezeka kuti ndi osakanikirana magazi. Komabe mu July 2025 zoo ya ku Nuremberg m'dziko lomwelo inapha anyani 12 athanzi ponena kuti khola linadzaza, ndipo mkangano unabukanso ngati wa 2014.

Chimene mazoo amathandiza nacho akadyamsonga akutchire n'chenicheni, koma n'cha mtundu wina. Amapereka ndalama ku mabungwe ogwira ntchito mu Africa, monga mmene San Diego Zoo yakhala ikuthandizira Twiga Walinzi, gulu la anthu a m'midzi ya kumpoto kwa Kenya amene amalondera ndi kuwerenga akadyamsonga. Nzeru zina za mankhwala ogonetsa, za magazi ndi za zipangizo zolondolera nyama zinayesedwa pa akadyamsonga a mu zoo zisanagwiritsidwe ntchito kutchire. Mwana wa ku Copenhagen kapena Chicago amene sadzafika ku Africa amaona nyamayi ndi maso ake, ndipo ena mwa ana otere amadzakhala opereka ndalama kapena ofufuza. Koma zonsezi zikhoza kuchitika ndi akadyamsonga ochepa, osungidwa m'malo ochepa aakulu, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chimafuna kuti chaka chilichonse kubadwe ana amene alibe kopita.

Pali chitsutso chimodzi chimene ndimachiona kuti n'cholemera, ndipo ophunzira anu akuyenera kuchimva. Gulu la nyama silingaimitsidwe ngati galimoto n'kudzalizidwanso. Mukaletsa kubereka kwa zaka zambiri, akazi amakalamba, ena amene akhala nthawi yaitali pa mankhwala olera sabwereranso msanga pa kubereka, ndipo tsiku lina mumapeza kuti gulu lonse ndi nkhalamba. Amene akufuna kuti mazoo akhale ndi akadyamsonga zaka 100 zikubwerazi akunena zoona kuti zimenezi sizitheka popanda ana ochuluka kuposa malo, ndiponso popanda kupha ena. Yankho langa n'lakuti chiganizo chimenechi chayamba ndi kuvomereza chinthu chimene chimafunika kutsimikiziridwa, ndicho chakuti mazoo mazanamazana ayenera kukhala ndi akadyamsonga mpaka kalekale. Ngati mtengo wa cholinga chimenecho ndi kupha nyama zathanzi chaka ndi chaka, pamene nyamazo sizidzabwerera kutchire, ndiye kuti cholingacho n'chimene chiyenera kuchepetsedwa. Malo amene alipo aperekedwe kwa mitundu imene ili pa chiopsezo chachikulu ndipo magazi ake ndi odziwika, osakanikirana asiye kubereketsedwa n'kusamalidwa mpaka imfa yawo yachibadwa, ndipo zoo iliyonse yofuna mwana iyambe yasonyeza kumene mwanayo adzakhale akadzakula, ngakhale atakhala wamphongo. Magulu a amphongo okhaokha amatheka ndipo alipo kale m'mazoo ena, kungoti amadya ndalama osabweretsa khamu la anthu, n'chifukwa chake ofuna kuwasunga ndi ochepa.

Kwa ophunzira amene amati akadyamsonga onse a m'mazoo angomasulidwa kupita ku Africa, auzeni kuti zimenezo zikanapha ambiri mwa iwo pa ulendo kapena m'miyezi yoyamba, zikanaika pa chiopsezo cha matenda ndi kusakanikirana magazi amene ali kale kutchire, ndipo ndalama zonyamulira mmodzi zikanalipira alonda a nkhalango kwa nthawi yaitali. Amene ali m'mipanda lero adzafera momwemo, ena patapita zaka 20 kapena kuposa, ndipo chimene chingawachitikire chabwino ndi masamba okwanira, pansi pofewa, malo otakasuka ndi anzawo ogwirizana nawo. Kwa amene amati akatswiri amadziwa zimene akuchita, auzeni kuti pa masamu a chibadwa Holst sanalakwitse, koma masamuwo amangonena njira yosungira gulu la nyama m'mazoo, sanena ngati gululo liyenera kukhala lalikulu chotero, ndipo funso lachiwirili si la akatswiri okha. Mukafuna kuti mtsutsowo upitirire ndi umboni m'manja, apatseni ntchito yosankha zoo imodzi imene yalengeza kubadwa kwa kadyamsonga, afufuze kuti ndi wa mtundu uti mwa inayi ija, ana amene anabadwa pamalopo zaka zisanu zapitazo ali kuti tsopano, ndiponso ndi ndalama zingati zimene zooyo inatumiza ku ntchito yoteteza akadyamsonga mu Africa chaka chatha. Mazoo ena amafalitsa zimenezi m'malipoti awo a pachaka, ndipo amene safalitsa akhoza kulemberedwa kalata ndi kalasi yanu.